Mawu Amene Ndinakuletsa Aja

Najma, Doha
Lachisanu masana

Mwana wanga Twaibu,

Salaam aleikum. Uyambe wandikhululukira zilembo zangazi. Ukudziwa kuti sukulu ndinalekezera sitandade 4, ndipo dzanja langa linazolowera chiwongolero, osati cholembera. Pamene waona kuti ndalemba molakwika usaseke kwambiri, pamene ndafufuta ungodumpha. Pepalali ndalitsamiritsa pa sutikesi chifukwa m'chipinda muno tebulo ndi limodzi, ndipo mnzanga Che Bakali akusitirapo yunifomu yake.

Mawa ndege yako itera kuno ku Doha, ukhala maola asanu pabwalo la ndege kudikira ina yopita ku Ulaya. Ine saloleza kuti ndilowe kumene ukakhaleko, iwenso saloleza kuti utuluke. Zaka zitatu osaonana, ndiye chotilekanitsa chikhale khoma chabe. Kalatayi akupatsa ndi Mayi Asiyatu a ku Ntaja, amene amakolopa mkatimo. Ndi aafupi, amavala magalasi, chithunzi chako ndawaonetsa. Uwalonjere ndi manja awiri. Ndikanatha kukuimbira foni, koma pa foni umangoti "eya ababa, eya ababa," ine n'kumadziwa kuti sukundimva.

Nkhani yanga ndi imodzi. Mlongo wako Hawa wandiuza kuti Lolemba loyamba kusukulu yoimbako aphunzitsi adzakuimiritsa pafupi ndi piyano kuti amve mawu ako, aone gulu loti akuike ndi mphunzitsi woti akupatse. Wandiuzanso kuti wakonzeka kukaimba ndi mawu aakulu okhaokha, apansi aja, ndipo aang'ono okwera aja wanenetsa kuti sudzawatulutsanso. Chifukwa chake ndikuchidziwa. Ndine. Ndiye uwerenge mpaka kumapeto, ngakhale upse mtima pakati.

Mawu osasa amene wakula ukundimva nawowa sindinabadwe nawo. Izi sindinakuuzepo. Ndili mnyamata ku Namwera ndine ndinkatsogolera nyimbo za sikiri pa maliro, anzanga akupuma mwamphamvu pansi, ine ndikuyenda pamwamba pawo. Ankati mwana wa Che Imedi akayamba, ngakhale okumba manda amaimika makasu. Nditatha msinkhu mawu anasweka monga amachitira mnyamata aliyense, koma pamwamba paja panatsalabe kanjira. Ndikafewetsa ndinkafikapo. Vuto ndinkachita manyazi kufewetsa. Chaka china m'mwezi wa Ramadani batire la chimkuzamawu cha pamzikiti linafa, a Shehe anati, "Saidi, kwera pachulu uitane azana, amve ndi a kutsidya kwa dambo." Ndinakwera masiku khumi ndi awiri, kasanu pa tsiku, kukhosi kuli gwa ndi ludzu, ndikukankha mawu a m'chifuwa kuti afike pamene sankafika. Mitsempha ya m'khosi inkachita kutupa. Anthu ankati ameneyo ndiye mwamuna, ine n'kumawonjezera. Tsiku lakhumi ndi chitatu ndinamva ngati ulusi waduka kummero, m'kamwa mukumveka magazi. Ndinati ndi chimfine. Ndinamwa mandimu, ndinatafuna jinja, m'mawa mwake ndinakweranso pachulu. Papita zaka makumi atatu, chimfine chija sichinathe. Twaibu, anthu akamakuombera m'manja khosi likupweteka, khulupirira khosi.

Cholakwa chachiwiri ukuchidziwa chifukwa unalipo. Tchuthi changa chomaliza chija, uli folomu 3, ndinali pa bawo pansi pa mtengo wa mango, iwe uli kumjigo ukupopera Hawa madzi, ukuimba nyimbo ya kwaya ya kusukulu kwanu ndi mawu aang'ono aja. Che Jafali, amene ndinkasewera nawo, anaimitsa dzanja n'kunena kuti, "A Saidi, mtsikana wanuyo ali ndi mawu. Tibwere liti kudzafunsira mbeta?" Wina anayankha kuti, "Ameneyo si mtsikanayo ayi, ndi wandevu uja." Anaseka mpaka njere za bawo kumwazika. Ndinanyamuka, ndinakupeza uli ndi chigubu m'manja, ndinakuwomba mbama pamaso pa mlongo wako ndi amayi onse a pamjigo. Ndinati m'nyumba mwanga tambala salira ngati thadzi. Sunalire. Unatola chigubu chija n'kupitiriza kupopa. Amayi ako anandiuza pambuyo pake kuti ku kwaya unasamukira kumzere wa besi. Ine ndinabwerera ku Doha ndikudziona ngati bambo amene wakonza nyumba yake.

Patapita miyezi ingapo ndinasintha ntchito, ndinayamba kuyendetsa bwana amene ndili nawo panowa, mkulu wa ku Italy amene amaphunzitsa anthu kuimba m'fulati mwake ku Al Sadd. Ophunzira amawatchula kuti a Mayesitiro. Maso awo ndi ofooka, ndiye kupatula galimoto ndimawapangiranso tiyi ndi kuwakumbutsa mapilitsi. Sabata yoyamba ndili kukhitchini ndinamva mayi akuimba pabalaza, mawu oyera bwino, opanda chotsitsa. Ndinaika makapu awiri pa thireyi, ndinagogoda, ndinati, "Madamu, tiyi." Kutsegula chitseko ndinapeza chibambo cha ku Philippines, chamimba yake, chandevu zake, chimene masana chimakonza malifiti ndipo chili ndi ana atatu. Ndinaseka, Twaibu. Ndinaseka mpaka tiyi kutayikira pa kapeti. Mumtima ndinati halasi, ntchito yatha.

Bwana sanandichotse. Wophunzira uja atapita anandiitana. Chingerezi chawo n'chothyoka ngati changa, ndiye timamvana bwino. Anati, "Saidi, bwera, ika dzanja apa." Anandigwiritsa pachifuwa pawo n'kutulutsa mawu apansi. Chifuwa chinanjenjemera ngati boneti injini ikulira. Anasuntha dzanja langa kuliika pamphumi pawo, anayamba kukwera, chifuwa chinati zii, kunjenjemera kuja kunasamukira kumutu. Anati, "Nyumba ndi imodzi, zipinda ndiye ziwiri. Mwamuna aliyense ali nazo. Iwenso uli nazo." Ndinati, "Ine ayi bwana, ndine Msilamu wa ana anayi." Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandifunsa kuti tikalowa mumsewu waukulu wopita ku Al Aziziya, kodi ndimathamanga ndili pa giya yachiwiri? Ndinati ayi, injini ingapse. Anati mawu ndi chimodzimodzi. A m'chifuwa ali ndi polekezera pake. Pakati pa chifuwa ndi mutu pali malo amene mawu amafuna kusweka, m'chinenero chawo amapatchula kuti podutsira. Pamenepo woimba sawonjezera mphamvu, amachepetsa, monga mmene umasiyira kuponda moto n'kuponda kilatchi. Woimba wodziwa amasintha giya wokwera osamva n'komwe. Ndinakumbukira chulu cha ku Namwera. Palibe anandiuzapo kuti kuli giya ina. Ndinabwerera kukhitchini, makapu aja ndinawatsuka kawiri osadziwa.

Kuyambira pamenepo tikakhala m'galimoto ndimawafunsa mafunso, iwonso amakonda kufunsidwa. Anandiuza kuti kale kwawoko, zaka mazana awiri kapena atatu zapitazo, ngakhale amuna oimba tena akafika pamwamba penipeni ankalowa m'mawu a kumutu, mofewa, ndipo panalibe wowaseka. M'masewero awo oimba, mfumu kapena mkulu wa asilikali ankatha kukhala ndi mawu okwera ngati a mkazi amene akumufunsira, anthu n'kumaona kuti ndiye ulemerero wake. Zokwera ndi chifuwa mpaka pamwamba zinabwera pambuyo, nyumba zoimbiramo zitakula ndipo zida zoimbira zitachuluka. Akuti nazonso n'zokoma ndipo zili ndi njira yake yophunzirira, koma amene anangotengera osaphunzira njirayo, ambiri anawononga makosi. Nyimbo zakale zija zilipobe, zikuimbidwabe, ndipo zimafuna amuna a mawu ngati ako. Amuna oterewa akamalankhula amalankhula ngati mwamuna wina aliyense. Amakwatira, amabereka. Ndinafunsa kawiri kuti nditsimikize.

Apa ndinalakwitsanso, ndipo uli ndi ufulu woseka. Tsiku lina tili pamzere wa magalimoto anandiuza kuti m'masiku akalewo anyamata ena a mawu okoma ankawathena asanathe msinkhu, ngati mbuzi, kuti mawu asasweke. Ndinatsala pang'ono kugunda basi. Sindinafunse china chilichonse. Nditangowatsitsa ndinaimbira amayi ako kuti abise pasipoti yako. Ukukumbukira masiku atatu amene inasowa aja, iwe ukugwetsa nyumba yonse? Inali m'thumba la mpunga. Amayi ako usawaimbe mlandu, ndinawatuma ndine. Nditafunsa bwinobwino bwana anagwira mutu, anati zimenezo zinatha kalekale, papita zaka zoposa zana, ndipo amuna oimba pamwamba a masiku ano ndi athunthu, amangophunzira kugwiritsa ntchito chipinda chachiwiri chija. Ndawakhulupirira. Komabe wina akakutchulira za opaleshoni, ya mtundu uliwonse, ngakhale ya dzino, usasayine pepala usanandiimbire.

Mwezi wathawu tikupita kuchipatala kokapimitsa maso awo, foni yanga inadzilumikiza yokha ku wailesi ya m'galimoto. Chinatuluka ndi chimene Hawa anakujambula ukuyeserera nyimbo yokaimba kusukuluko, ndi mawu aakulu aja. Ndinafuna kuzimitsa, bwana anandigwira dzanja. Anamvetsera mpaka kutha.

"Ndani ameneyu?"

"Mwana wanga, bwana, amene wapeza malo kusukulu yoimba uja."

"Uli ndi ina?"

Ndinali nayo yakale, imene amayi ako anajambula pa tsiku la makolo, kutatsala mwezi umodzi kuti ndibwere pa tchuthi chija. Chiyambire mbama ija sindinaitsegulepo, koma sindinaifufutenso. Anaimva kawiri, maso atatseka. Tinafika pachipatala, iwo osatsika. Anati, "Woyamba uja wasenza thumba la simenti. Wachiwiriyu akungoyenda m'nyumba mwake." Anafotokoza kuti mawu ako apansi si oipa, ndi ako ndithu, koma ukuwakulitsa dala, ukupanikiza kholingo pansi ndi lilime kuti umveke ngati bambo wa zaka makumi asanu, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse kukumveka kamchenga. Kamchenga kameneko ine ndinali nditakamva kale m'mauthenga ako, koma ndinkadzinamiza kuti ndi netiweki. Ndikukadziwa, Twaibu. Anga anayamba choncho. Kenako anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Mwana ameneyu anamuopseza ndani?" Ndinati, "Kaya bwana, mwina aphunzitsi." Ndinanama ndikuyang'ana chiwongolero.

Tsiku lomwelo anandikokera kwa dokotala wa makosi m'chipatala momwemo, akuti anatopa kumva ndikulankhula ngati chitseko chadzimbiri. Dokotalayo anandilowetsa kachingwe ka kamera m'mphuno. Pa sikirini ndinaona timinofu tiwiri toyera, ngati timilomo, kamodzi kali ndi chipsera, sitikutsekana bwino. Dokotala anati ndikanapumitsa mawu nthawi imene ija mwina bwenzi zitapola, koma pano n'zochedwa. Timinofu timeneti kutalika kwake ndi ngati chikhadabo chako cha chala chachikulu. Ndi tomweto basi, ndipo sagulitsa ngati sipeya ya galimoto. Mawu ako sanafike pamene afika angawa. Bwana akuti kamchenga ka mwana wa msinkhu wako kamatha akasiya kupanikiza. Akasiya, Twaibu.

Tsono mvera zing'onozing'onozi. Bwana akuti akale aja ankatha miyezi akuphunzira kugwira liwu limodzi lokha, kuliyamba pang'ono, kulikuza, kulibwezanso pang'ono osaduka. Ena ankaimba kandulo yoyaka ili patsogolo pa kamwa, lawi lisagwedezeke, kuti aone ngati mpweya ukungotayika. Ine ndinagula kandulo pa shopu ya m'munsimu kuti ndiyese ndisanakuuze. Inazima pa liwu loyamba. Ndinayatsa, inazima, ndinayatsanso. Che Bakali anati, "Achimwene, magetsi alipo. Kapena mwayamba using'anga?" Kachisanu ndi chimodzi alamu ya utsi inalira, woyang'anira nyumba anakwera akukuwa m'Chiarabu "yala, yala," kuti tifulumire, anthu a chipinda chinacho anatuluka ndi masutikesi. Ndiye iwe ukafuna kuyesa uyambe wayang'ana kudenga. Ukapatsidwa liwu limodzi kuti ulibwereze mwezi wonse usanyinyirike kuti akukuchedwetsa. Uzimwa madzi ngakhale ulibe ludzu, kuyambira m'ndege momwemo, chifukwa mpweya wa eyakoni umaumitsa kukhosi, ife kuno timaudziwa. Mayi Asiyatu akupatsanso sikafu yakuda, uzimanga m'khosi ukamatuluka panja. Pa mpira usamakuwe. Ndikudziwa ukuti sumakuwa, umakuwa. Mawu akasasa usamanong'one, akuti kunong'ona kumatopetsanso timinofu tija, ungokhala chete tsiku lonse, ofuna kukudandaula adandaule. Ramadani ikafika ukamuuze mphunzitsi wako poyera kuti ukusala, akuchepetsere zolemetsa masana. Usakachite za ine za pachulu. Swala usasiye. Pasipoti isamachoke m'thumba lamkati la jekete. Ndipo ndabwereza, khosi likapweteka usiye, ngakhale holo itadzaza.

Lero titachokera kumzikiti ku swala ya Juma ndachita chinthu. M'chipinda muno timagona anthu asanu, onse analipo. Ndinaika foni pa tebulo n'kutsegula nyimbo yako yakale ija mokweza. Che Bakali anaimika simbi n'kunena kuti, "Mkazi wachiwiri ameneyu, achimwene? Mwatibisira bwanji?" Ndinati, "Ndi Twaibu, mwana wanga wamwamuna, woyamba kubadwa." Mnzathu wina wa ku Balaka anaphulika n'kuseka, anabisa nkhope mu pilo, bedi likugwedezeka. Khutu langa linatentha ngati tsiku la pa bawo lija. Chala chinapita chokha pozimitsira. Sindinazimitse. Nyimboyo ndi ya mphindi zinayi, ndinaimirira mpaka inatha. Aka kanali koyamba kuti ndiimvetsere ine mwini, osayang'ana nkhope ya munthu wina. Pali pena pamene umakwera n'kugwira liwu limodzi nthawi yaitali, ukulikuza pang'onopang'ono, monga akale aja, popanda amene anakuphunzitsa. Itatha Che Bakali anati, "Mashaallah, koma mpweya ali nawo," n'kupitiriza kusita. Wa ku Balaka uja mpaka pano ndikamuyang'ana akuseka. Sindinafe. Chimene ndinakumenyera pamjigo paja ndi chimenechi basi, kuseka kwa munthu amene pofika madzulo amakhala ataiwala.

Ndinalakwa, mwana wanga. Ndalemba pano kuti zikhale zolembedwa, chifukwa pakamwa ndikanazungulira. Sindikukulamula kuti ukaimbe pamwamba. Ndinalamula kamodzi za khosi lako ndipo taona zimene zinatuluka. Ndikungopempha kuti akakuimiritsa pa piyano paja ukawapatse onse awiri, apansi osawakulitsa, apamwamba osawabisa, eni ntchitoyo amve chimene uli nacho. Akakakuika pa besi atamva zonse, ndilibe mawu. Koma usakasenze thumba la simenti zaka zinayi chifukwa cha ine ndi Che Jafali.

Mawa ndapempha maola awiri. Ndikaima pamalo oimika magalimoto a pabwalo la ndege kuyambira nthawi imene yako itere. Sudzandiona, inenso sindidzakuona, koma foni ikhala m'manja. Ukafuna uimbe, ukapanda kufuna ndimvetsa.

Zimene sizinathe ndi izi. Bwana akuti mawu amene atsekeredwa zaka zitatu kawirikawiri amabwerera, koma sangalonjeze asanakumve, ndiye sindikudziwa ngati ako alipobe. Agogo ako ku Namwera akudziwa kuti ukukaphunzira zauphunzitsi, zoona zake sindinawauze, ndipo sindinapeze poyambira. Bwana sindinawauzebe zoona kuti anakuopseza ndani. Sindikudziwa ngati wandikhululukira. Ndipo Lolemba lija, sindikudziwa kuti ukatsegula pakamwa adzatuluka ndi mawu ati.

Ndine bambo ako,
Saidi